Nyumba siikwera lole

Uthenga unafika Lachiwiri usiku, magetsi atathima, ndikudya nsima ya mazira mounikira ndi foni. Anali achimwene anga a ku Joni. Anatumiza chithunzi cha mutu wa nkhani ina yomwe anaitola pa Facebook, yonena kuti mitengo ya nyumba ndi malo m'dziko muno yakwera koopsa, ndipo pansi pake anawonjezera awoawo: "Waona iwe? Nyumba ya bambo ija tikungoluza. Uwauze aphunzitsi aja kuti kuyambira mwezi wamawa lendi tawirikiza kawiri. Akakana atuluke, anthu ofuna nyumba ndi ambiri."

Sindinayankhe usiku umenewo. Ndinawerenga, ndinatembenuza foni, ndinamaliza nsima yanga.

Chinandigwira pakamwa n'chakuti Loweruka lapitalo, masiku atatu okha m'mbuyomo, ine ndemwe ndinali nditauzidwa mawu onga omwewo. Mayi landilodi anga kuno ku Area 25 anagogoda m'mawa ndili mkati mochapa. Atandilonjera bwinobwino, kufunsa za amayi kumudzi ndi za kuntchito, anakhala pampando n'kunena kuti, "Mwana wanga, wamva wekha pawailesi mmene nyumba zakwerera. Inenso sindingachitire mwina." Ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinkalalata. Zakwera kuti? Bafa lake ndi lomwe lija la chitseko chosakhomeka. Mpopi umatulutsa madzi 2 koloko usiku ngati mfiti. Denga la kuchipinda likudonthabe pakona pomwe ndinawaonetsa mvula ya chaka chatha. Chakwera n'chiyani pamenepa?

Choncho m'sabata imodzi ndinapezeka kuti ndodo imene yandimenya, achimwene akundipatsa kuti ndikamenyere wina. Ndipo funso lomwe lakhala likundizunguza mutu kuyambira pamenepo ndi ili: kodi nkhani yoona ingasanduke bodza chifukwa chongoinyamula kuichotsa pomwe inabadwira n'kukaitula kwina?

Ndiyambe ndakuuzani za nyumbayo. Ili ku Luchenza, katawuni ka pakati pa Thyolo ndi Mulanje, chapafupi ndi njanji. Bambo anaimanga ndi ndalama zawo zopumira pantchito, zipinda zitatu, njerwa zowotcha, mtengo wa mapeyala kuseri. Atamwalira, amayi anabwerera kumudzi ndipo tinaikamo aphunzitsi ena a pulayimale ndi banja lawo. Akhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndalama ya lendiyo siipita kwa ine kapena kwa achimwene, imapita kwa amayi, ndipo ndi imene imagula mankhwala awo a BP, sopo, ndi fetereza. Ndiye musaganize kuti achimwene ndi munthu wadyera. Akuganizira amayi. Kungoti akuganizira ali pa mtunda wa masiku awiri pa basi, akuyang'ana Malawi yense pa galasi la foni.

Tonsefe timadziwa za chimanga. Mwana aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa kuti thumba la chimanga ku Mitundu nthawi yokolola silifanana mtengo ndi la ku Nsanje mu Januwale. Koma kusiyanako sikukhalitsa kwambiri, chifukwa mavenda ali tcheru. Akangomva kuti uku kwatchipa, uko kwadula, mawa lake lole yanyamuka. Chimanga chimayenda kulondola ndalama, ndipo poyendapo mitengo ya m'misika imakokana mpaka kuyandikirana. N'chifukwa chake munthu akati "mtengo wa chimanga m'Malawi muno", ngakhale sakulondola ndendende, akunena chinthu chogwirika. Chimodzimodzi shuga, mafuta ophikira, simenti.

Nyumba siikwera lole. Anthu chikwi atati akufuna pogona ku Area 49 lero, nyumba ya bambo ku Luchenza singanyamuke kukawapeza. Ikhala pomwepo ndi mtengo wake wa mapeyala, kudikira munthu amene moyo wake uli ku Luchenza: mphunzitsi, namwino, wapolisi, kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, wa shopu pamsika. Amenewo ndiwo msika wake wonse. Munthu wa ku Kanengo, ngakhale atavutika chotani ndi lendi, sangakagone ku Luchenza n'kumadzukira kuntchito. Ndiye mawu oti "msika wa nyumba wa dziko lino" amanena chinthu chomwe palibe anakalowamo. Kuli timisika mazanamazana, kena ka misewu itatu yokha, ndipo kalikonse kali ndi nyengo yake. Zili ngati mvula. A zanyengo akalengeza kuti chigawo chakummwera kugwa mvula yambiri sananame, komabe mlimi amadziwa kuti mtambo umatha kukhuthula m'munda wa neba n'kusiya wake uli gwa.

Taonani ku Chikanda ku Zomba. Lendi ya kumeneko imayendera kalendala ya ku Chanco. Sukulu ikatsegulira, kachipinda kalikonse kali ndi mwini, ena awiriawiri. Ikatsekera, makiyi ali lende pamsomali. Ku Thyolo komweko, yunivesite ya MUST itatsegulidwa ku Ndata mu 2014, malo oyandikana nayo anapeza anthu atsopano ofuna pogona, pomwe ife a ku Luchenza, boma limodzi lomwelo, sitinaone wophunzira akugogoda pakhomo pathu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023, matope n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, poloti ya m'mbali mwa phiri ndi ya pamalo athyathyathya, zotalikirana ulendo wa mphindi khumi wapansi, zinasiya kukhala katundu wofanana. Mu 2024 madzi a nyanja atakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, munthu wa nyumba ya m'mphepete mwa mchenga ndi wa kumtunda anagona tulo tosiyana. Ndipo ngati mukufuna chitsanzo chachikulu, likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, tchire la kuno linasanduka ma Area a manambala, pomwe Zomba inatsala ikukula pang'onopang'ono. Pa kalembera wa 2018, mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, wa Zomba ongopitirira pang'ono 100,000. Dziko limodzi, ndalama imodzi, mbendera imodzi.

Palinso funso lina lomwe sitikonda kufunsa tikaona mutu wa nkhani: amene awerengedwa ndi ndani? Wolemba nkhani ali ndi tsiku limodzi kapena awiri. Aimbira foni ejenti wa ofesi yake m'tauni, wina wa kubanki, mwina katswiri woyeza mitengo ya nyumba. Anthu amenewa sanama. Akunena zomwe zimadutsa pa tebulo lawo, ndipo zodutsa pamenepo ndi nyumba za mapepala, za mpanda, za ku Area 10, Area 43, Area 47, Namiwawa, Nyambadwe, zina mpaka mtengo wake amautchula m'madola chifukwa olowamo ndi a mabungwe ndi akazembe. Koma kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, okhala m'matauni anali 16 okha pa 100 alionse. Otsalawo ali pa malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Ngakhale m'tauni momwemo, ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Ndirande, ku Mchengautuba, poloti imagulitsidwa pa pepala long'ambidwa mu kope, mboni ziwiri, chidindo cha amfumu, basi. Lendi imakambidwa pakhonde. Palibe ofesi yomwe imamva za mtengowo. Ngongole ya nyumba ya kubanki imafuna chikalata cha umwini ndi malipiro okhazikika, ndipo pomwe Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndi angati mwa ife amene tikanayerekeza n'komwe?

Tiyerekeze kuti mwezi uno ku Area 43 kwagulitsidwa nyumba zisanu pa mtengo wokwera kuposa chaka chatha, ndipo mwezi womwewo mapoloti mazana awiri asinthana manja m'makwalala a mizinda yathu pa mitengo yosasintha kwenikweni. Zisanu zija zalembedwa, mazana awiri aja sanalembedwe. Mutu wa nkhani utuluka woti nyumba zakwera. Palibe wanama. Koma mawu oti "nyumba" m'chiganizo chimenecho akutanthauza nyumba za anthu ena, ndipo ife owerenga, poti tonse timagona m'nyumba, timangoganiza kuti akunena yathu.

Izi si za kuno kokha ayi, ngakhale kumene amawerenga chilichonse zimachitika. Ku America, mitengo ya nyumba itagwa pakati pa 2006 ndi 2012, nambala ya dziko lonse inaonetsa kutsika kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma ku Las Vegas ndi ku Phoenix nyumba zinataya kuposa theka la mtengo wake, pomwe ku Dallas zinangotsika pang'ono. Nambala ya pakati ija inali yolondola pa masamu, koma wa ku Las Vegas ikanamunamiza kuti zinthu zili bwinoko, wa ku Dallas ikanamuopseza pachabe. Ku Britain, komwe abale athu ambiri amadandaula ndi lendi ya ku London, makhonsolo a ku Liverpool ndi Stoke-on-Trent anafika pogulitsa nyumba zosiyidwa pa paundi imodzi, cha m'ma 2013, bola wogulayo alonjeze kuikonza ndi kukhalamo.

Pofika apa ndinali nditasangalala ndi nzeru zanga, ndipo ndinatsala pang'ono kuwalembera achimwene kalata yaitali yowaphunzitsa. Chinandiletsa ndi nkhani ya ku America yomweyo. Mavuto aja asanagwe, akatswiri ambiri kumeneko ankatonthozana ndi mfundo yanga yomweyi, yakuti nyumba ndi nkhani ya dera ndi dera, choncho sizingagwe paliponse nthawi imodzi. Mabanki anabwereketsa ndalama modalira chikhulupiriro chimenecho. Kenako zinagwa pafupifupi paliponse, chifukwa ngakhale nyumba siiyenda, ngongole imayenda, chiwongoladzanja chimayenda, mantha amayenda. Mfundo yoti "kwathu n'kosiyana" nayonso munthu angathe kubisalamo.

Ndipo achimwene ali ndi pogwira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Kugwa kumeneko sikunafunse kuti uli ku Area 10 kapena ku Luchenza. Simenti, malata, misomali, penti, zonsezi zimakwera lole, ndipo zinadula paliponse. Mankhwala a amayi anadula. Lendi yomwe aphunzitsi akhala akulipira imagula zochepa kwambiri lero kuyerekeza ndi chaka chomwe tinagwirizana. Denga la nyumba ya bambo likadzafuna malata atsopano, wa hadiweya sadzatichotsera mtengo poti nyumbayo ili m'tauni yaing'ono. Apa ndiye pali mfundo yovuta kumasula: zomwe nyumba imadya zimatsata dziko lonse, koma zomwe nyumba ingabweretse zimatsata thumba la anthu a pamsewu wake. Mwini nyumba wa m'tauni yaing'ono wapanikizika pakati pa ziwirizi. Ndinayeneranso kudzifunsa moona mtima: kodi chifundo changa pa aphunzitsi si chifundo cholipiridwa ndi amayi? N'kosavuta kukhala munthu wabwino ndi ndalama ya mankhwala a wina.

Chowawa kwambiri n'chakuti nditaganizira bwino, mutu wa nkhani uja unkawayenera mayi landilodi anga kuposa ife. Kuno ku Area 25 anthu amagogoda pageti sabata iliyonse kufunsa ngati pali nyumba. Ma ejenti a pamsewu amakulipiritsa ndalama yongokuonetsa chitseko. Ndikanatuluka Lolemba, Lachitatu mukanalowa wina, denga lodonthalo osalifunsa n'komwe. Nyumba yomwe ndimakhala inakweradi, ngakhale bafa lake silinasinthe, chifukwa chomwe ndimalipira kwenikweni ndi kuyandikira kuntchito. Ine amene ndinkalalata mumtima ndinali wolakwa pa masamu, ndipo achimwene, amene ankalankhula molimba mtima, analinso olakwa pa masamu. Aliyense wa ife anasankha kukhulupirira mbali yomukomera.

Komabe pali china chomwe chinandikhumudwitsa m'mawu a mayi aja, ndipo ndachipeza tsopano. Si ndalama ayi. Ndi kachiganizo kaja, "nyumba zakwera". Tamverani mmene timanenera. Zakwera, ngati anyani mumtengo, zokha, popanda wozikweza. Ndiye pobwera "sindingachitire mwina". Mutu wa nkhani umamupatsa munthu malo obisala. M'malo monena kuti "ine ndaganiza zokweza, pa zifukwa izi", timati dziko lakweza, wailesi yanena, aliyense akutero. Munthu amene wakhala naye pa mpanda umodzi zaka zinayi, amene unamuperekeza kuchipatala usiku mwana wake atadwala, mwadzidzidzi akulankhula nawe ngati kalata ya boma. Akanati, "Mwana wanga, fizi ya mdzukulu yandikulira, ndipo anthu akundilonjeza zambiri pa nyumbayi, tigwirizane bwanji?" ndikanalipira ndalama yomweyo, koma tikanakhala anthu awiri akukambirana. Chifukwa choona ungathe kuchiyankha, ungapemphe miyezi iwiri, ungati nanga denga. Koma wailesi ungaiyankhe bwanji?

Apa ndi pomwe ndikuona kuti nkhani yoona imasandukira bodza. Mtolankhani analemba za nyumba zomwe anaziona. Bodza limabadwa m'manja mwa ine wonyamula, pamene ndikudziwa, kapena ndikanatha kudziwa nditafuna, kuti nkhaniyo sikunena za msewu wathu, koma ndikuigwiritsabe ntchito poti ikundipindulira ndiponso ikundichotsera manyazi oyang'ana munthu m'maso. Kusafufuza nakonso nthawi zina kumakhala kosankha. Achimwene sakanatha kuyenda m'misewu ya ku Luchenza ali ku Joni. Ine ndikanatha. Ndiye udindo unali pa ine.

Ndinapita kumapeto kwa mwezi. Basi ya usiku mpaka ku Blantyre, minibasi pa Limbe, kufika dzuwa litakwera. Ndisanapite kunyumbako ndinazungulira kaye. Ndinacheza ndi mayi wogulitsa tomato amene ankadziwana ndi amayi, wa kabaza amene anandinyamula, ndi bambo wina wa shopu amene ali ndi nyumba zake za lendi. Mumsewu wathu womwewo ndinapeza nyumba ziwiri zotseka, udzu utamera mpaka pakhonde. Imodzi, anandiuza, mwini wake ali ku Lilongwe ndipo anakweza lendi chaka chatha, wokhalamo n'kusamuka, mpaka lero sinapeze munthu. Bambo wa shopu uja anaseka nditamuuza za kuwirikiza kawiri. Anati, "Achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wolipira pa 28 mwezi uliwonse osakuvutitsa, kuno timamusunga ngati dzira."

Aphunzitsi anandilandira ndi tiyi ndi mbatata. Nyumba inali yosesedwa, khoma la kukhitchini analipaka laimu ndi ndalama zawo, ndipo pomwe thabwa la zenera linawola anaikapo lina osatiuza. Mapeyala anali atayamba kukhwima. Chithunzi cha achimwene chija chinali mu foni m'thumba mwanga, ndipo ndikuvomera kuti kanthawi kena ndinafuna kuchitulutsa, chifukwa chikanandipeputsira ntchito. Ndikanangoti taonani, si ine, ndi dziko.

Sindinachitulutse. Ndinawauza mtengo wa mankhwala a amayi, wakale ndi watsopano. Ndinawauza kuti malata a kuchipinda chakumbuyo sapirira mvula ziwiri zikubwerazi, ndi ndalama yomwe wa hadiweya ananditchulira m'mawa womwewo. Mawu ankatuluka movuta, ngati ndikupempha ngongole. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achemwali, mwachita bwino kubwera nokha. Zimenezi ndimaziona, inenso ndimagula m'shopu momwemo. Koma malipiro athu mukuwadziwa, sanawirikize kawiri." Anatenga kope ndi cholembera, ndipo tinakhala pafupifupi ola tikuwerengera limodzi, akazi awo akuponyamo mawu ali kukhitchini. Tinagwirizana zokweza ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kuyambira miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo iwo anadzipereka kuti malata tikagula, akhoma okha ndi mlamu wawo amene ndi kalipentala, ife osalipira mmisiri.

Kaya ndinachita bwino, kaya ndinawaluzitsa amayi, mpaka pano sindinatsimikize. Mwina munthu wolimba mtima akanafinya zambiri. Amayi nditawafotokozera pafoni anangofunsa ngati mapeyala abereka chaka chino.

Achimwene ndinawatumizira zithunzi za nyumba ziwiri zotseka zija, udzu ndi maloko ake, pamodzi ndi tsamba la mu kope la aphunzitsi. Anaziona nthawi yomweyo, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, koma anakhala chete mpaka mawa lake madzulo. Kenako analemba kuti, "Wafewa kwambiri iwe. Malatawo ndi angati, nditumize?"

Lendi yanga ya ku Area 25 ndinalipira yatsopanoyo pa 1. Popereka ndinawauza mayi landilodi kuti ndamva, ndipo sindikukana, koma denga lija likonzedwe mvula isanayambe. Anayang'ana ndalama, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti simenti yakwera. Ndinati denga silifuna simenti, mayi, likufuna lata limodzi ndi misomali. Anaseka mpaka kugwira chitseko, n'kuti atumiza mnyamata Loweruka.